Kalata Yopepesa ya a Kuwabara

Tsubame, 9 Julaye 2018

Natsuho mwana wanga,

Mvula yakana kuleka kuno, zovala zonse zikununkha chinyontho. Kaya kumapiri kwanuko? Ukudya? Usandiyankhe kuti "ndikudya", undiuze chimene unadya dzulo.

Ndasankha kalata chifukwa pa foni umangoti "eya, eya" kwinaku zala zikugogoda kompyuta, umayesa sindimva. Komanso nyumba ino ukuidziwa, ukanong'ona kukhitchini bambo ako kuwekishopu amva.

Zinthu sizili bwino. Fakitale ya mabatire a galimoto ija, imene takhala tikuisalalitsira marola achitsulo opsinjira zaka khumi ndi zinayi, yatibwezera rola imodzi. Akuti phala lakuda limene amapaka pa chipepala cha mkuwa likumatuka m'mizeremizere, mabatire akumafa msanga. Ndiye popeza ndi rola yathu imene imapsinja phalalo likauma, diso lawo lagwera pa ife. Anabwera nayo ndi injiniya wawo, a Segawa, munthu waulemu mpaka kutopetsa. Anaiyeza ndi tizipangizo tawo tonse, sanapeze ngakhale pokandika. Bambo ako anafunsa kuti, "Nanga cholakwa chili pati?" Iwo anati, "N'chimene tikufunafuna, bambo Kuwabara." Ine mumtima ndinati, mukufunafuna m'kanyumba ka eni chifukwa kwanu mukuopako.

Atamwa tiyi ananena zinthu ziwiri. Mu Ogasiti atumiza anthu atatu kudzakhala m'wekishopu muno, kuonerera ntchito yonse kuyambira pofika rola mpaka potuluka. Ndiponso apempha nthawi mu Okutobala ku makina aakulu a ekisileyi kuti akaone m'kati mwa phalalo. Ndinati, "Aa, si kumene kuli mwana wathu kumeneko?" Bambo ako anandiyang'ana diso lija. A Segawa atapita anati, "Usamuuze." Ndiye ndakuuza.

Pa ntchito khumi zimene timalandira, zisanu ndi ziwiri n'za fakitale imeneyi. Akatisiya titseka, chikwangwani cha agogo ako chitsike. Bambo ako sakudya, akungosunthasuntha mpunga m'mbale. Tandiuza, kuwala kwanuko kumaonadi zimene maso a munthu sangaone? Kapena n'zongokamba za anthu ophunzira?

Ndine mayi ako,
Tokie

Harima, 17 Julaye 2018

Okondedwa Amayi,

Kuno kwayamba kutentha, nyenje zikusokosa kuyambira m'mawa. Dzulo ndinadya nsomba yootcha ndi mpunga kukantini, ndipo ndinamaliza. Mwakhutira?

Kalata yanu ndaipeza mochedwa, ndinali kumsonkhano ku Sendai. Pempho la fakitale ndaliona pa ndandanda, ndipo ndawauza kale abwana kuti rolayo ndi ya bambo anga. Ati ine ndisadzagwire makina, adzagwira mnzanga Hozumi, koma nditha kukhala pambali n'kumaona.

Mwafunsa ngati kumaonadi. Kumaona, Amayi. Nyumba imene timagwiriramo ntchito ndi yozungulira ngati mphete, yaikulu moti timayendamo pa njinga. M'kati mwake mumathamanga timagetsi ting'onoting'ono, ndipo tikamakhota timalavula kuwala kwa mtundu umene anakujambulani nako chifuwa kuchipatala, koma kwamphamvu zedi ndiponso kopyapyala kuposa tsitsi. Tikaika kachidutswa ka chipepala chija kutsogolo kwake n'kumakazunguza, timaona kambewu kalikonse ka ufa wakudawo, pamene pali ulimbo wougwira, ndi pamene pali mphako. Tidzajambula chidutswa chimene sichinafike pa rola, ndi china chimene chapsinjidwa. Ngati mizereyo ilimo kale chisanafike pa rola, Bambo alibe mlandu. Nkhani yake ndi yomweyo basi.

Chonde, chinthu chimodzi chokha. Bambo ndimawadziwa, munthu akawaponda phazi m'sitima amapepesa ndi iwo. Asalembe kalata yopepesa, asadinde chidindo pa pepala lililonse mpaka Okutobala. Kwa Bambo kupepesa ndi ulemu, kunena kuti pepani mwavutika. Kwa anthu a m'maofesi a fakitale, kalata yopepesa yokhala ndi chidindo ndi kuvomera mlandu, amaiika m'faelo n'kutseka nkhani. Anthu atatuwo abwere, aone. Bambo abisa chiyani? Zaka makumi anayi ndi zisanu palibe rola yawo imene inabwezedwapo.

Ndine mwana wanu,
Natsuho

Tsubame, 21 Julaye 2018

Natsuho,

Mvula yaleka, kwagwa kutentha koopsa. Ndakondwa kuti nsomba unamaliza.

Kalata yako yafika Lachinayi. Bambo ako anapita Lachiwiri.

Anavala suti yakuda ya kumaliro ija, anagula bokosi la maswiti a nyemba, anakwera sitima yoyamba. Kalata anailemba okha, kuibwereza kanayi, n'kudinda chidindo. Ndinaima pakhomo ndikuti, "Bambo, tadikirani mwana ayankhe." Anati, "Mwana uti? Ndinati usamuuze." Ndinati, "Mwalakwa chiyani chimene mukukapepesa?" Anati, "Anthu avutika ndi katundu wotuluka m'nyumba muno. Chimenecho n'chochepa?" Anamanga nsapato, ulendo.

Zachitika momwe unanenera, ngati unalipo. Dzulo a Segawa anaimba foni, mawu ali pansipansi. Akuti popeza gwero la vuto lapezeka, anthu atatu aja sabweranso, za Okutobala afafaniza, ndipo marola atsopano aziwatumiza kwina "pakadali pano". Mawu amenewo ndimawadziwa, sakhala ndi tsiku lothera. Bambo ako atamva anangoti, "Chabwino," n'kukasesa wekishopu yosesa kale.

Usawakalipire. Kalembedwe kako ukapsa mtima ndimakadziwa, unatengera ine. Ubwera pa mwambo wokumbukira makolo mu Ogasiti? Manda a agogo ako akufunika kutsuka, ine msana ukundivuta.

Mayi ako

Harima, 26 Julaye 2018

Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino ndi kutenthaku. Amayi ati ndisakukalipireni, ndiye ndingofunsa.

Mwapepesa chiyani? Rola anaiyeza, sanapeze kanthu. Panatsala miyezi itatu yokha kuti tione zoona ndi maso. Nthawi ya pa makina athu anthu amaidikira theka la chaka, inu mwaitaya ndi chidindo chimodzi. Ndinakula ndikukuonani mukuyendetsa chala pa chitsulo mutatsinzina, n'kunena kuti apa patukuka, makina oyezera n'kudzavomereza pambuyo. Ntchito yoona zosaoneka ndinaisankha chifukwa cha inu. Lero mwavomera mlandu umene simunauone, ndipo zikundipweteka kwambiri.

Kapena vuto ndine? Simukufuna kuti ntchito yanu iweruzidwe ndi makina a mwana amene anakana kutenga wekishopu? Ngati ndi choncho nenani. Kalata ija mutha kuibweza, imbirani a Segawa.

Natsuho

Tsubame, 1 Ogasiti 2018

Natsuho,

Kuno kukutentha. Uzimwa madzi.

Kalata sindibweza. Rola inatuluka m'nyumba muno ndi dzina langa, mlandu wake ndi wanga. Za makina ako sindinanenepo choipa. Gwira ntchito yako, za kuno zisiye.

Kuwabara Masuji

Tsubame, 12 Seputembala 2018

Natsuho,

Mpunga wacha m'minda, ayamba kukolola. Sunabwere mu Ogasiti. Manda ndinatsuka ndekha, ndinauza agogo ako kuti watanganidwa. Kunamiza akufa, taona zimene ukundichititsa! Milungu isanu ndi umodzi osalemba, osaimba. Wakwiya usakudziwa nkhani, ndiye khala pansi uwerenge.

Zala za bambo ako zinachita dzanzi. Papita zaka zitatu. Dokotala akuti ndi mitsempha ya m'khosi, ndipo sizidzabwerera. Kunyamula amanyamula, makina amayendetsa, koma akakhudza chitsulo samva kanthu, kaya n'chosalala kaya n'chokhakhala. Tsiku limene anazindikira anakhala pa mpando, rola ili patsogolo. Ine ndinati, "Tasunthani ndione." Zaka makumi atatu ndakhala ndikupukuta marola amenewa ndi nsanza asanalowe m'bokosi, ukuyesa zala zanga zinali m'tulo? Ndinayendetsa dzanja, ndinati, "Apa." Anayeza, panalidi pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo kukwecha koyamba amachita iwo, kusalalitsa komaliza ndimachita ine, titatseka chitseko. Pa pepala amadinda iwo.

Lamulo la fakitale ukulidziwa kuposa ine. Mukasintha makina, mankhwala, kachitidwe kapena munthu wogwira, muyenera kuwadziwitsa asanalandire katundu. Ife sitinawadziwitse. Akanalola ndani kuti rola ya mabatire isalalitsidwe ndi mayi wokalamba wopanda satifiketi? Anthu atatu aja akanabwera, akanaona mmisiri amene Tsubame yonse imamulemekeza akupapasa chitsulo osamva kanthu.

Koma si manyazi okha ayi. Rola imene anabweza ija ndinamaliza ndine, mu Malichi, ndili ndi chimfine. Bambo ako sanandifunsepo ngakhale liwu limodzi, anangotenga suti. Akukhulupirira kuti ndinaiwononga ndine, ndiye anapita kukaika mutu wawo kuti wanga usaoneke. Ndipo ndikuuze zoona, Natsuho, inenso ndikuganiza kuti mwina ndine. Ndimadzuka nazo, ndimadya nazo. Galimoto yamagetsi ikadutsa pamsewu ndimadzifunsa ngati ili ndi batire langa lomatuka. Ndatopa nawo mantha amenewa.

Usawauze kuti ndakuuza. Ndipo ulembe, iwe mwana.

Mayi ako

Harima, 25 Seputembala 2018

Amayi,

Kuno agwape atsika m'phiri, akudya maluwa a pageti. Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Ndalira, ndipo ndachita manyazi ndi zimene ndinalembera Bambo. Ndimadzitama kuti ndimaona m'kati mwa zinthu, chonsecho kwathu kwenikweni zaka zitatu osaona kanthu. Pepani.

Loweruka ndinapita kwa a Segawa pandekha. Zanu sindinanene. Ndinangofunsa kuti, "Marola mwasintha, nanga mizere yatha?" Anati, "Yachepa." Ndinati, "Yachepa kapena yatha?" Anati, "Mayi Kuwabara, mumafunsa ngati apolisi." Sinathe, Amayi. Avomera kupempha mabwana awo kuti atumize zidutswa. Nthawi ya Okutobala inaperekedwa kwa ena, koma mu Disembala muli maola asanu ndi atatu amene gulu lina labweza.

Ndikuchenjezeni. Kusatha kwa mizere sikutanthauza kuti rola yanu inali yabwino, zolakwa zitha kukhala ziwiri. Zidutswa zopsinjidwa ndi rola ya mu Malichi anazisunga, ndipo tidzaziika nazonso. Kuwalako sikudziwa kuti ndinu mayi anga. Chimene chidzaoneke ndidzakuuzani momwe chilili. Ndipitirize?

Natsuho

Tsubame, 29 Seputembala 2018

Natsuho,

Pitiriza. Bola kudziwa kusiyana ndi kukhala chonchi. Uzivala zotentha m'mawa.

Mayi ako

Harima, 11 Disembala 2018

Amayi ndi Bambo,

Ndamva kuti chipale chagwa kale kwanuko, muziyenda mosamala pa masitepe. Ndikulembera nonse, muwerenge pamodzi. Bambo, za zala zanu Amayi anandiuza. Ngati pali wokalipiridwa, kalipirani ine.

Tinajambula Lachisanu. Hozumi anagwira makina, a Segawa ndi ine tinakhala kumbuyo. Tinayamba ndi chidutswa chimene sichinakhudze rola iliyonse. Chithunzi chinatuluka pang'onopang'ono. Mizere inalimo kale, Amayi. Pansi penipeni, pamene phala limagwira mkuwa, ulimbo panalibe, wonse unakwera pamwamba. Kenako Hozumi anapaka phala laliwisi n'kuliumitsa ndi mpweya wotentha kuwala kukujambula, ndipo tinaona zikuchitika. Likauma mothamanga, madzi pothawira pamwamba amakoka ulimbo n'kupita nawo. A Segawa anatulutsa kabuku kawo, nkhope yagwa, anati mu Febuluwale fakitale inawonjezera moto mu uvuni woumitsira phala kuti ntchito ifulumire. Kutalikirana kwa mizere kukufanana ndendende ndi kutalikirana kwa mapaipi opemerera mpweya mu uvunimo.

Pomaliza tinaika chopsinjidwa ndi rola ya mu Malichi. Kuchindikala kwake n'kofanana kuchokera uku mpaka uko, moti Hozumi anayeza kawiri poyesa kuti makina aima. Anati, "Anasalalitsa iyi ndani? Ndikufuna ndikamugwire dzanja." A Segawa anati, "Bambo awo a mayiwa." Ine ndinangowerama n'kuyamba kulongedza zidutswa.

Tsopano nkhani ili apa. Fakitale ibweza kalata yopepesa ija, ndipo ntchito iyambiranso mu Januwale. Koma atumiza pepala loti mudinde, lonena kuti m'zaka zisanu zapitazi simunasinthe makina, mankhwala, kachitidwe kapena munthu. Mukadinda, palibe amene adzafunse. Mukanena zoona atha kukusiyani, ndipo ulendo uno adzakhala ndi chifukwa. Ine sindikuuzani chochita, ndinaphunzirapo mu Julaye.

Ndine mwana wanu,
Natsuho

Tsubame, 19 Disembala 2018

Natsuho,

Chipale chafika m'mawondo. Kalata yako ndinaiwerenga chiimire, ndinangopezeka ndakhala pa simenti. Si ine! Ndinaseka, ndinalira, mphaka anathawa. Bambo ako anawerenga, anavula magalasi, anatenga fosholo n'kukachotsa chipale pakhomo opanda chipewa.

Pepala lija lafika. Ndawauza kuti, "Dindani, tidye Chaka Chatsopano mwamtendere. Dzina ndichita nalo chiyani ine, ndiphika?" Pepalalo sanalikhudze. Lili pa shelefu masiku atatu tsopano, amalidutsa ngati lili ndi mano. Wekishopu yapulumuka, asaitayenso kachiwiri chifukwa cha ine. Tawalembera, mwina iwe akumvera.

Mayi ako

Tsubame, 29 Januwale 2019

Natsuho,

Kuno kukuzizira. Ndamva kuti Chaka Chatsopano unali pa ntchito. Amayi ako anakupempha undilembere, sunalembe, ndipo unachita bwino. Kulemba zambiri sindinazolowere, upirire.

Pepala lija sindinadinde. Ndinapita nalo kufakitale pa 10, pamodzi ndi amayi ako. Sankafuna, ndinachita kuwanamiza kuti ndikufuna wondigwira dzanja pa chipale. Pamaso pa a Segawa ndi abwana awo ndinaika manja anga pa tebulo, ndinati, "Awa anasiya ntchito zaka zitatu zapitazo. Rola imene mwaiyamikira anamaliza ndi mayiwa." Abwanawo anafiira nkhope. Anandikalipira theka la ola, ndipo anali ndi chifukwa. Anati ndawanamiza kawiri, koyamba pobisa, kachiwiri popepesa zimene sindinachite, iwo n'kusiya kufufuza, miyezi isanu akupanga mabatire oipa. Chachiwirichi sindinachiganizepo. Ine ndinkayesa kupepesa sikupweteka munthu.

Chigamulo chabwera dzulo. Ntchito yathu aidula pakati, theka lapita kwina ndipo silibwerera. Dzina langa alichotsa pa ndandanda ya amisiri awo, alembapo la amayi ako. Theka lotsalalo atisiyira chifukwa sabata yatha anthu atatu aja anabwera, anakhala masiku atatu, anaonerera amayi ako akugwira ntchito chitseko chili chotsegula. Tsiku loyamba sanadzutse mutu pa rola. Lachiwiri anauza mmodzi wa iwo kuti, "Achimwene, mwanditchingira kuwala, tasunthani." Ine ndinkawapatsira nsanza. Tidzichepetsa pa zina, koma sititseka.

Unandifunsa mu Julaye kuti ndinapepesa chiyani, sindinakuyankhe. Ndinkati ndikutchinjiriza amayi ako. Koma kuti ndiwatchinjirize choncho ndinayamba ndawaweruza kuti alakwa, osawafunsa, ndipo iwo poona suti yanga anakhulupirira kuti alakwadi. Zimenezi zikundivuta kuposa zala.

Alendo atapita tsiku lachitatu, amayi ako akusamba m'manja, ndinaima kumbuyo kwawo ndinati, "Amake Natsuho, ndinakukayikirani. Pepani." Sanatembenuke. Anati, "Zaka makumi anayi mwapepesa kwa a positi, kwa agalu a eni, lero ndiye mwafika kwa ine?" Kenako anatseka mpopi, anakhala choncho atagwira sinki, mapewa akugwedezeka. Ndinadikira. Atapukuta nkhope anati, "Tsitsani rola inayo, kunja kusanade."

Ndinaitsitsa.

Bambo ako